Kalata Yotseguka kwa Makhonsolo: Yambani ndi Paipi ya Zonyansa, Mabenchi Abwere Pambuyo

Olemekezeka a Meya, makhansala, akuluakulu oyendetsa makhonsolo ndi mainjiniya anu,

Kalatayi ndalembera inu nonse amene muli ndi udindo pa mzinda kapena tauni imene mtsinje umadutsa pakati pake. Nthawi yokonza bajeti ikafika, kapena chisankho chikayandikira, mumatibweretsera chithunzi chokongola cha mmene gombe la mtsinje lidzaonekere: njira ya oyenda pansi, mabenchi, magetsi oyendera dzuwa, maluwa, ana akuthamangitsana pa kapinga. Chithunzicho timachikonda, ndipo zonsezo tikuzifuna. Koma wojambulayo madzi amawapaka mtundu wobiriwira ngati mtambo, pamene ife amene timawoloka mtsinjewo tsiku ndi tsiku timadziwa kuti ndi akuda ndipo amanunkha. Pempho langa ndi limodzi: sinthani dongosolo la ntchito. Yambani ndi zimene zikulowa m'madzi, kenako mubwezere mtsinje malo ake, mukonze za anthu amene amadalira gombelo, ndipo zikatero mumange mabenchiwo.

Tsiku lina mvula ikagwa usiku, m'mawa mwake imikani galimoto pa mlatho, mutsike pansi pake ndi miyendo yanu. Mudzaona mapepala apulasitiki atakoledwa m'nthambi za mitengo, kusonyeza pamene madzi anafika. Pa chipilala cha mlatho padzakhala mulu wa mabotolo, mathewera otayidwa, matayala ndi zisanza, zitatseka theka la njira ya madzi. Mukayenda pang'ono kumtunda mudzapeza paipi kapena ngalande yotuluka m'khoma, ikulavula madzi otuwa a thovu, ndipo miyala imene madziwo akugwerapo ndi yoterera ndi ndere zakuda. Mamita ochepa kumunsi kwake mudzapeza mayi akuchapa, mwana wake akusewera m'madzi ofika m'mawondo. Mayiyo akudziwa bwino kuti madziwo ndi oipa. Alibe kwina kochapira.

Tikakufunsani za izi, yankho lanu limakhala lakuti mitsinje ili m'manja mwa boma lalikulu, kapena unduna wa zamadzi, kapena bungwe loona zachilengedwe. Pamalamulo zikhoza kukhala choncho. Koma amene amapereka chilolezo chomanga nyumba ndi inu. Amene amatola zinyalala, kapena kulephera kuzitola, ndi inu. Misika, malo ophera nyama, malo otsukira galimoto, magalaji otaya oyilo, ngalande za m'misewu, zonsezi zimadutsa pa desiki panu. Pafupifupi chilichonse chimene chikuwononga mtsinje wa m'tauni chili ndi pepala limene wina wa m'khonsolo anasainira, kapena anayenera kuliletsa koma anayang'ana kumbali.

Ku Cleveland, m'dziko la America, mtsinje wa Cuyahoga unayaka moto pa 22 June 1969 chifukwa cha mafuta ndi zinyalala za m'mafakitale zoyandama pamadzi, ndipo sikanali koyamba. Meya wa nthawiyo, Carl Stokes, sanabisale mu ofesi. Tsiku lotsatira anatenga atolankhani n'kukawaonetsa mtsinjewo ndi malo amene zonyansa zinkalowera, ndipo pambuyo pake anakadandaula ku nyumba ya malamulo ya dzikolo kuti mzinda umodzi sungathe kuletsa zoipa zochokera kunja kwa malire ake. Chimene chimaiwalika pa nkhaniyi n'chakuti mu 1968, moto uja usanabuke, anthu a ku Cleveland anali atavota kale kuti mzinda wawo ubwereke madola 100 miliyoni okonzera zimbudzi ndi madzi. Iwo anayamba ndi thumba lawo asanapite kukagogoda kwa boma lalikulu. Lamulo la dziko lonse loteteza madzi linabwera mu 1972, ndipo mu 2019 akuluakulu a boma la Ohio, dera limene muli Cleveland, analengeza kuti nsomba za mumtsinjewo zikhoza kudyedwa. Zinatenga zaka 50.

Mwina ena mwa inu, makamaka makhansala amene simunaphunzire za madzi, mumadabwa kuti mtsinje umafa bwanji pamene madzi akuyendabe. Nsomba ndi tizilombo tina ta m'madzi timapuma mpweya wosungunuka m'madzimo. Zonyansa za m'zimbudzi, magazi a kophera nyama ndi zotsala za zakudya zikalowa mumtsinje, mabakiteriya amene amaziwoletsa amachuluka n'kumaliza mpweya uja. Mpweya ukatha, nsomba zimafa kapena kuthawa, ndipo kuwola kumene kumachitika popanda mpweya ndi kumene kumatulutsa fungo la mazira owola lija ndi matope akuda. Zonyansa zomwezo ndi feteleza wokokoloka m'minda zimadyetsa ndere ndi namasupuni, amene amaphimba madzi ndi kutseka kuwala. Nyengo yotentha, madzi akachepa, zonsezi zimafika poipa chifukwa madzi ofunda amasunga mpweya wochepa. Pamwamba pa izi pali matenda oyenda ndi chimbudzi cha munthu: kolera, tayifodi, kamwazi, ndiponso likodzo kumene kuli nkhono zonyamula tizilombo take. Benchi silichotsa ngakhale chimodzi mwa zimenezi. Mukaliika pafupi ndi madzi otere mwangoitanira ana kufupi ndi matenda.

Mzinda wa London unadutsa m'zomwezi, ndipo mmene unachitira ndi chifukwa chake ndikulimbikira za dongosolo. M'zaka za m'ma 1850 zimbudzi za mzindawo zinkathira mumtsinje wa Thames, momwemonso anthu ambiri ankatungamo madzi akumwa. Mu 1854 dokotala John Snow anasonyeza kuti kolera ya ku Soho, dera lina la mzindawo, inkachokera pa mpope umodzi wa mu Broad Street, koma akuluakulu ambiri ankakhulupirirabe kuti matendawo amayenda ndi fungo. Chilimwe cha 1858 chinatentha kwambiri, mtsinje unanunkha mpaka aphungu analephera kukhala m'zipinda za nyumba ya malamulo imene ili pagombe penipeni. Anayesa kuviika makatani m'mankhwala ophera fungo koma sizinathandize. Fungo litawafika okha m'mphuno, lamulo lomangira ngalande za zonyansa limene linakhala likuzengerezedwa linadutsa m'masiku 18. Injiniya Joseph Bazalgette anamanga ngalande zikuluzikulu za pansi pa nthaka zotsatira mtsinje, zolandira zonyansa zisanagwere m'madzi n'kuzipititsa kumunsi kwa mzinda. Ndiye taonani izi: gombe lotchuka la Victoria Embankment, limene linatsegulidwa mu 1870, la msewu, minda ya maluwa ndi mabenchi pamene alendo amajambulitsa lero, linamangidwa ngati chivindikiro cha ngalande ya zonyansayo ndi njanji ya pansi. Kukongola kunabwera pamwamba pa paipi. Kolera yomaliza yaikulu ku London, ya mu 1866, inakantha kum'mawa kwa mzindawo kumene ngalandezo zinali zisanamalizidwe.

Ntchito imeneyi si yotchipa ndipo siitha msanga, tisanamizane. Ku Paris kusambira mumtsinje wa Seine kunaletsedwa mu 1923, ndipo kunaloledwanso mu July 2025 pa malo atatu okha, atawononga ndalama pafupifupi mayuro 1.4 biliyoni. Gawo lina la ndalamazo linapita ku thanki yaikulu ya pansi pa nthaka pafupi ndi siteshoni ya Austerlitz, yosunga madzi okwana makyubiki mita 50,000, chifukwa m'mizinda yakale madzi a mvula ndi zonyansa zimayenda m'paipi imodzi, ndipo mvula ikachuluka paipiyo imasefukira mumtsinje. Gawo lina linapita ku ntchito yotopetsa yoyenda nyumba ndi nyumba, ngakhale boti ndi boti, kukonza mapaipi olumikizidwa molakwika. Khonsolo yanu mwina ilibe ndalama zotere. Koma kuyenda m'mphepete mwa mtsinje ndi kope, kulemba paipi iliyonse yotulukira m'madzi ndi kufufuza mwini wake, sikufuna ngongole ya kubanki ina iliyonse. Kukonza pampu ya pamalo oyeretsera zonyansa imene inafa kalekale, kukhazikitsa malo ovomerezeka okhuthulirako magalimoto opopa zimbudzi kuti asamakhuthule m'khwawa usiku, kuika bini pamsika ndi kuikhuthula pa tsiku lodziwika, zonsezi zili m'mphamvu zanu chaka chino.

Za zinyalala ndinene mwachidule. Masiku oyeretsa mtsinje, amene mumabwera mutavala magolovesi atsopano atolankhani ali pambuyo, sindikuwanyoza. Koma ngati galimoto ya zinyalala siifika m'makwalala a anthu osauka, anthuwo dzala lawo likhalabe ngalande, ndipo mvula yoyamba idzabweza zonse munatola. Ku Baltimore, m'dziko la America, anaika makina oyendetsedwa ndi madzi ndi dzuwa pa mathiriro a mtsinje wa Jones Falls mu 2014, otola zinyalala zoyandama zisanalowe padoko. Ndi nzeru yabwino, koma makinawo amagwira zimene zathawa kale m'misewu.

Tsopano nkhani imene ndikudziwa kuti simuikonda, ya malo. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Dambo ndi chigwa cha m'mphepete mwa mtsinje si malo ongokhala opanda ntchito oyembekezera wogula. Ndi pamene mtsinje umapumira mvula ikachuluka. Bango, nsungwi, udzu ndi mizu ya mitengo zimagwira dothi, zimasefa matope, ndipo zimachedwetsa madzi. Mukadula maploti pamenepo, mukathira dothi m'dambo, mukaphimba mtunda wonse ndi malata, konkire ndi phula, mvula imene kale inkalowa pansi pang'onopang'ono imathamangira mumtsinje nthawi imodzi, ndipo mtsinjewo mwaupanikiza kale. Zotsatira zake zimagwera okhala kumunsi, amene nthawi zambiri ndi osauka. Madzi osefukira a ku Durban mu April 2022 anapha anthu oposa 400, ndipo ambiri mwa amene anataya nyumba anali okhala m'zisakasa za m'mphepete mwa mitsinje ndi m'malo otsetsereka.

Ndinakhalapo pa msonkhano wina wa khonsolo, wa anthu onse, pamene pempho lomanga nyumba yosungiramo katundu pagombe linkakambidwa. Wa zamapulani anaimirira n'kunena momveka kuti malowo ali m'dera losefukira. Kunakhala bata pang'ono, wapampando anayang'ana wotchi, wina anati mwini ntchitoyo walonjeza kumanga khoma lotchinga madzi, ndipo nkhani inadutsa. Palibe amene anafunsa kuti madzi otchingidwa ndi khomalo adzalowera kwa yani. Khoma silichepetsa madzi. Limangowakankhira kutsidya, kumene kulibe wa ndalama zomangira lake.

Anthu a ku Netherlands, amene palibe angawaphunzitse za kumanga zipupa zotchinga madzi, anafika povomereza zimenezi. Mu 1995 mitsinje yawo inakwera mpaka anthu pafupifupi 250,000 anasamutsidwa mwadzidzidzi. M'malo mongokweza zipupa, anayamba ntchito yopatsa mitsinje malo. Ku Nijmegen, pamene mtsinje wa Waal umakhota ndi kupanikizika, anasuntha chipupa cha pa mudzi wa Lent mamita 350 kulowa kumtunda, nakumba njira yachiwiri ya madzi. Nyumba pafupifupi 50 zinagumulidwa, ndipo eni ake sanasangalale poyamba. Lero pakati pa njira ziwirizo pali chilumba pamene anthu amayenda, kusambira ndi kupalasa mabwato, ndipo madzi akakwera mbali ina ya malowo imamira monga anakonzera. Paki imene imaloledwa kumira kangapo pachaka n'kuumanso ndiyo yoyenera pagombe. Bwalo la mpira likhoza kumira. Chipatala, sukulu ndi nyumba zogona anthu siziyenera kukhala pamenepo.

Choncho jambulani malire a gombe, muwakhome ndi zikhomo zooneka, mapu ake muwapachike pamene aliyense angawaone. Ndipo lamulolo liyambe kuluma wamkulu. Anthu amaona mukagwetsa chisakasa cha mayi wamasiye n'kusiya mpanda wa njerwa wa munthu wa ndalama umene walowa m'madzi enieni. Akaona zimenezo, palibenso amene adzamvere mawu anu a zachilengedwe.

Onjezanipo mchenga. Mzinda umene ukukula umafuna mchenga, ndipo achinyamata amene amaukumba akufuna kudya. Koma kukumba kopanda malire kumazamitsa mtsinje, magombe amagumuka, zitsime zapafupi zimauma, ndipo maziko a milatho amatsala pamtunda. Ku Portugal mlatho wa Hintze Ribeiro pa mtsinje wa Douro unagwa mu March 2001 basi ili pamwamba, anthu 59 anafa, ndipo kukumba mchenga kwa zaka zambiri kunatchulidwa pakati pa zifukwa zake. Sankhani malo okumbapo akutali ndi milatho, perekani zilolezo, ndipo mulondole malole amene amagula, chifukwa phindu lalikulu lili kwa iwo osati kwa mnyamata wa fosholo.

Izi zikundifikitsa pa anthu. Mawu oti kuyeretsa gombe nthawi zambiri amatanthauza kuthamangitsa osauka: ochapa, ogulitsa malonda, olima ndiwo, asodzi, otsuka galimoto. Apolisi amabwera m'bandakucha, ndipo pakatha miyezi iwiri anthu aja abwerera chifukwa njala sinasamuke nawo. Ku Singapore, nduna yaikulu Lee Kuan Yew inalamula mu 1977 kuti mtsinje wa Singapore ndi dera la Kallang ziyeretsedwe m'zaka khumi, ndipo pofika 1987 zinatheka. Kuchotsa matope inali ntchito yaing'ono. Ntchito yaikulu inali kusamutsa mabanja oposa 26,000 kupita m'nyumba za boma zokhala ndi zimbudzi, kumangira mavenda misika yokhala ndi madzi ndi ngalande, kuchotsa makola a nkhumba ndi abakha, ndi kupezera mabwato onyamula katundu doko lina ku Pasir Panjang. Boma lawo linali la dzanja lolemera ndipo si onse anachoka mokondwa, koma munthu ankauzidwa kumene akupita asanauzidwe kuti achoke.

Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu mukamalota za gombe mumaona kamtsinje ka Cheonggyecheon ka ku Seoul, likulu la South Korea, kumene meya Lee Myung-bak anagumula msewu wam'mwamba mu 2003 n'kutsegula kamtsinje ka makilomita pafupifupi 6 mu 2005, iye n'kudzakhala pulezidenti pambuyo pake. Malowo ndi okongoladi ndipo amadzaza anthu. Koma dziwani zinthu ziwiri. Madzi ambiri oyenda mmenemo amachita kupopedwa ndi magetsi kuchokera mumtsinje wa Han ndi pansi pa nthaka, ndipo bilu yake imabwera chaka ndi chaka. Chachiwiri, mavenda ambiri amene ankagulitsa m'derali anasamutsidwira m'bwalo la masewera la Dongdaemun, kenako n'kusamutsidwanso, ndipo ambiri malonda awo sanabwerere mwakale. Musatengere chithunzi chokha.

Madzi akayamba kuyera ndipo malire a gombe akakhazikika, bwerani tsopano ndi mapulani anu aja, koma mubwere nawo kwa ife asanasindikizidwe. Msonkhano uchitikire kugombe komweko, pa nthawi imene anthu ogwira ntchito angathe kufika, osati m'hotela Lachiwiri m'mawa. Mukafunsa amayi adzakuuzani kuti chofunika choyamba ndi chimbudzi chaukhondo chotsegula, mpope ndi malo ochapira amene madzi ake a sopo salowa mumtsinje, ndiponso magetsi panjira imene amaopa kudutsa kukada. Ana asukulu adzakuonetsani pamene amawolokera podumpha miyala, pamene pakufunika kamlatho. Woyenda pa njinga ya olumala adzakufunsani chifukwa chake pali masitepe okhaokha. Okalamba adzapempha mthunzi, ndipo mthunzi wabwino ndi wa mitengo yachilengedwe ya m'mphepete mwa madzi, osati mitengo yokongoletsa yofuna kuthiriridwa. Pewani kuwaka mtsinje wonse ndi konkire ngati ngalande. Mzinda wa Munich ku Germany unathera zaka za 2000 mpaka 2011 ukuchotsa makoma otere pa makilomita 8 a mtsinje wa Isar, kubwezeretsa miyala ndi magombe otsetsereka bwino, ndipo anthu amadzazako nyengo yotentha.

Gombe likakongola, mtengo wa malo umakwera, ndipo amalonda adzabwera ndi makalata opempha kubwereka malo kwa zaka zambiri. Malo odyera ndi mahotela si oipa, amabweretsa ntchito ndi misonkho. Koma lembani m'malamulo a khonsolo kuti njira ya m'mphepete mwa madzi ndi ya aliyense, yopanda geti ndi yopanda tikiti, kuyambira kumtunda mpaka kumunsi. Zingakhale zopweteka kuti misonkho ya anthu onse iyeretse mtsinje, kenako mlonda awabweze pachipata.

Ndipo musamange chimene simungathe kuchisamalira. Tonse tinaonapo mapaki otsegulidwa ndi riboni ndi magule, amene patatha chaka mababu anaba, chimbudzi chinakhomedwa loko, udzu unafika m'chiuno. Opereka thandizo amakonda kulipira zomanga, sakonda kulipira wosesa. Mzere wa ndalama zosamalira malowo uoneke m'bajeti yanu ntchito isanayambe, ndi dzina la ofesi imene tidzaifunse zikawonongeka.

Mtsinje sudziwa malire a makhonsolo. Zimene mukutaya inu akumwa ndi anzanu akumunsi, ndipo matope amene akudzaza kwanu achokera ku mapiri ometedwa a khonsolo ina. Khalani pansi ndi anzanuwo, mafumu, alimi, eni mafakitale ndi bungwe logulitsa madzi, lomwe limawononga ndalama zambiri za mankhwala madzi akakhala akuda. Ku New Zealand anafika popanga lamulo mu 2017 lozindikira mtsinje wa Whanganui ngati munthu pamaso pa malamulo, wokhala ndi oimirira ake ochokera kwa Amaori, mtundu wa anthu oyamba kukhala m'dzikolo, ndi ku boma. Inu simukufunika kufika pamenepo kuti musankhe ofisala mmodzi wodziwika amene ntchito yake ndi mtsinje basi.

Pa msonkhano wanu wotsatira wa bajeti tikupempha zinthu zimene tingathe kuziona ndi maso. Tikufuna mndandanda wa mapaipi onse othira mumtsinje ndi eni ake, kuphatikizapo a khonsolo yeniyeniyo. Tikufuna kuti madzi aziyezedwa mwezi ndi mwezi pa malo odziwika, makamaka mpweya ndi mabakiteriya a E. coli amene amasonyeza chimbudzi, ndipo zotsatira zake zizikhomedwa pa mlatho ndi pamsika m'chinenero chimene anthu amamva, zikhale zabwino kapena zoipa. Tikufuna kuti zilolezo zonse zatsopano zomanga pagombe ziyambe zaima kufikira mapu a malire atatuluka. Ife tidzabwera kudzakhala pa mipando ya kumbuyo pa msonkhanowo, ndipo tikupempha kuti tsiku ndi nthawi yake mulengeze padakali milungu iwiri.

Ine wanu mwaulemu,

Nzika yokhoma misonkho, yokhala kumunsi kwa mtsinje